DZANJA NDI MUTU: PHUNZIRO LA KU BANDAWE

Tsiku lina Lamulungu, titatha Nsembe ya Misa pa tchalitchi china chaching'ono chakufupi ndi Kande, bambo wina wachikulire adandiitanira pambali. Nkhope yake idali yakugwa ngati ya munthu wobwera kudzanena za maliro. Adati, "Abambo, mwana wanga uja sadasankhidwe kupita ku yunivesite. Tsono akuti angopita kukaphunzira zamanja. Ine ndikusoŵa poyang'ana." Ndidamufunsa kuti zamanja zake ziti. Adati za magetsi ndi zokonza makina. Ndidamufunsanso kuti iyeyo amagwira ntchito yanji. Adaseka pang'ono nati ndi msodzi, ndipo mabwato ake onse amasema yekha.

Mau a bambo ameneyu akhala akundizungulira m'mutu. Munthu wodziŵa kusankha mtengo m'nkhalango, kuugwetsa, kuusema mpaka kukhala bwato losapendama pa mafunde a mwera, akuchita manyazi kuti mwana wake adzadya za manja ake. Manyazi ameneŵa sadabadwe nafe. Ali ndi mbiri yake, ndipo mbali yaikulu ya mbiriyo idachitikira konkuno m'mphepete mwa nyanja, pakati pa Kande, Chintheche ndi Usisya. Ndikufuna tiitsate pang'ono, chifukwa funso limene makolo athu adalimbana nalo ndi lomwelo limene anthu ofufuza za maphunziro a uinjiniya ndi a kompyuta akulimbana nalo lero: kodi munthu amaphunzira bwanji kupanga ndi kukonza zinthu, ndipo amaphunzirira chiyani?

Sitima yonyamula pamutu

Pa 12 Okutobala 1875 sitima yaing'ono yotchedwa Ilala idaloŵa m'Nyanja ya Malaŵi kuchokera mu mtsinje wa Shire. Idali sitima yoyamba yoyendera nthunzi pa nyanja yathu. Adaipangira ku Britain m'zidutswazidutswa zomangidwa ndi mabauti, kotero kuti atafika pa mathithi a Shire adaiphwasula, anthu akuda mazanamazana nasenza zidutswazo pamutu kulambalala mathithiwo, kenaka adailumikizanso kumtunda. Amene adabwera nayo adali amishoni a ku Scotland, a Mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young.

Tikamva mau oti amishoni timaganiza za alaliki. Komatu m'gulu loyambalo ambiri adali amisiri: mmisiri wa matabwa, mainjiniya a sitima, wosula zitsulo, mlimi ndi mmalinyero. Mbusa adalipo mmodzi, Robert Laws wa ku Aberdeen, amene adalinso dokotala. Iyeyunso, asanaphunzire za ubusa ndi za mankhwala, adayamba wagwira ntchito yopala matabwa monga bambo wake. Chaka chotsatira, mu 1876, kudabwera Akhristu anai achikuda ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Wotchuka mwa iwo ndi William Koyi, koma padalinso Mapassa Ntintili, amene adali mmisiri. Kuyambira pachiyambi, mishoniyi idafuna kuti buku ndi chipangizo ziyendere limodzi.

Tisaganize kuti alendoŵa adapeza dziko lopanda umisiri. Aphoka a kumapiri a kumpoto ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi nkumasula makasu ndi nkhwangwa. Atonga ankasema mabwato, kupota zingwe ndi kuluka makoka. Luso lonseli lidali ndi sukulu yake, ngakhale idalibe belu kapena bolodi. Mnyamata ankayamba ndi kunyamula nkhafi ndi kukapa madzi m'bwato, kenaka kusoka pong'ambika pa ukonde, ndipo patapita zaka ndi pamene ankapatsidwa kasemasema kuti ayese kusema. Tidzabwereranso ku sukulu imeneyi, pakuti anthu ophunzira kwambiri adadzaizindikira mochedwa.

Bandawe, 1881

Malo oyamba a mishoni ku Cape Maclear adakhala a malungo ndi manda. Mu 1881 adasamukira ku Bandawe, kumwera kwa Chintheche. Masiku amenewo Atonga ankakhala mothinana m'malinga chifukwa cha nkhondo za Angoni, pansi pa mafumu monga Mankhambira ndi Marenga. Anthu okhala pamodzi chotere, ndiponso ofunafuna bwenzi lamphamvu, adalandira sukulu mwachangu kuposa mitundu yambiri ya m'dziko muno. Pasanathe zaka makumi aŵiri ana zikwizikwi ankaphunzira m'masukulu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja.

Pa Bandawe anyamata sankangoŵerenga ai. Ankaumba ndi kuotcha njerwa, kucheka matabwa, kumanga nyumba ndi kuthandiza pa makina osindikizira mabuku. Ena adaloŵa ntchito m'sitima za kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala, nkuphunzira kusonkha moto wa injini, kuthira mafuta ndi kumvetsera kulira kwa makina. Munthu akapita lero ku Bandawe yakale adzapeza tchalitchi chanjerwa chili chiimire, ndi manda a amishoni amene adafera komweko. Maina a azungu adalembedwa pa miyala. Maina a amene adaumba njerwazo sadalembedwe paliponse, koma khoma lomwelo ndiye umboni wao.

Magetsi pa phiri la Khondowe

Laws adaona kuti masukulu a m'midzi sangakwanitse zimene ankalota. Mu 1894 adatsegula sukulu yaikulu pa phiri la Khondowe, imene idadzatchedwa Overtoun Institution potengera dzina la mkulu wina wachuma wa ku Scotland amene adapereka ndalama zambiri. Ambiri mwa ophunzira oyamba adachokera kuno ku Utonga. Kumeneko kudali maphunziro a uphunzitsi, a ubusa, a zachipatala ndi a ukalaliki. Pambali pake padali nyumba za ntchito: ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza, kusula ndi kukonza makina, ndiponso ulimi. Wophunzira umisiri ankalonjeza kukhala zaka zingapo pansi pa mmisiri wamkulu, akugwira ntchito yeniyeni masana ndi kuphunzira masamu ndi Chingerezi pa nthaŵi yake.

Ntchito zake sizidali zoseŵera. Adakoka madzi m'mipope kuchokera kumapiri kutali. Adakumba mseu wokhotakhota wokwera phirilo kuchokera kunyanja. Pofika 1905 pa Khondowe pankayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, pa nthaŵi imene midzi yambiri ya ku Ulaya komwe idali kuunikira nyali zamafuta. Mnyamata wa ku Chintheche amene adagwira nao ntchito zimenezi sadaphunzire za mphamvu ya madzi pongomva. Adaona madzi akugwa, gudumu likuzungulira, nyali nkuyaka. Ndipo gudumulo likaima, adali m'gulu la ofufuza chimene chalakwika.

Padalinso phunziro lina loyenera kulikumbukira masiku ano a kompyuta. Waya wa telegalafu, umene Cecil Rhodes ankafuna kuti uyende kuchokera kumwera mpaka kumpoto kwa Afrika, udadutsa m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo ku Livingstonia ankaphunzitsa anyamata kutumiza ndi kulandira mauthenga pa waya umenewu. Chilembo chilichonse ankachisandutsa kugogoda kwakufupi ndi kwakutali. Kompyuta nayonso imasunga mau, manambala ndi zithunzi mwa zizindikiro ziŵiri zokha, 0 ndi 1. Tinganene tsono kuti agogo athu ena adagwirako nzeru imene ili pa tsinde la makina a lero, zaka zoposa 100 zapitazo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi

Koma mbiriyi ili ndi mbali yake yoŵaŵa. Wolemba mbiri John McCracken, m'buku lake la mu 1977 lonena za mishoniyi, adaonetsa kuti kumpoto kudalibe ntchito zokwanira anthu ophunzira chotere. Mudzi wodya kondowole ndi usipa sukadatha kulipira wosindikiza mabuku kapena wokonza injini. Kotero amisiri ndi makalaliki adatsata ntchito ku Blantyre, ku migodi ya ku Rhodesia, ku Katanga, ku Tanganyika ndi ku Johannesburg. Kumeneko adatchuka ngati anthu aluso ndi okhulupirika. Ambiri adabwerako ndi njinga, makina osokera ndi malata. Ambirinso sadabwerenso, ndipo mau oti machona adakhazikika m'zinenero zathu.

Mmodzi mwa ana a derali amene dziko lidaŵamva ndi Clements Kadalie, wobadwira m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe mu 1896. Adaphunzira ku Livingstonia, naphunzitsa kanthaŵi kochepa, kenaka nkupita kumwera. Mu 1919 ku Cape Town adayambitsa bungwe la anthu apantchito lotchedwa ICU, limene lidakula kwambiri pakati pa anthu akuda a ku South Africa. Adamwalira mu 1951 ku East London, kutali ndi kwao. Moyo wake ukuonetsa zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi: kuti maphunziro a pa Khondowe ankatsekula mutu ndithu, ndiponso kuti zipatso zake kaŵirikaŵiri zinkagwera m'munda wa eni ake ena.

Mkangano wa 1924

Mu 1924 kudabwera gulu la akatswiri lotumidwa ndi bungwe la Phelps-Stokes la ku America kudzayendera masukulu a kuvuma kwa Afrika. Mtsogoleri wake adali Thomas Jesse Jones, ndipo m'gulumo mudalinso James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Uku kudali kufufuza koyamba kwakukulu kwa maphunziro m'dziko lathu. Jones adatengera maganizo ake ku masukulu a anthu akuda a Hampton ndi Tuskegee ku America. Iye ankati maphunziro a Mwafrika ayenera kulingana ndi moyo wa kumudzi: ulimi, ukhondo, ndi ntchito zamanja zosavuta. Adayamikira amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma chifukwa cha ntchito zao za m'midzi, koma za Livingstonia adaona kuti zapitirira muyeso ndipo zikuchotsa ana pakati pa anthu ao.

Tisafulumire kuŵeruza. Jones adaona chinthu choona, ndicho midzi yotsala ndi amai ndi nkhalamba. Koma mankhwala ake adali ndi ululu. Azungu a m'minda ndi akuluakulu ena a boma la atsamunda adakondwera nao maganizoŵa pa chifukwa china: munthu wodziŵa kukhoma msomali koma wosadziŵa kuŵerengera denga adzakhala wothandizira mpaka imfa. Anthu ophunzira a kumpoto, amene adali atayamba kale mabungwe ao monga la North Nyasa mu 1912 ndi la West Nyasa mu 1914, adazindikira msampha umenewu, ndipo ankapempha maphunziro apamwamba, osati ochepetsedwa.

Boma lidakhazikitsa nthambi ya zamaphunziro mu 1926, ndipo posakhalitsa lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi yophunzitsa aphunzitsi oyendera midzi. Laws adachoka m'dziko muno mu 1927, maloto ake a koleji yaikulu pa Khondowe asanakwaniritsidwe. Sukulu za sekondale zidachedwa mpaka zaka za m'ma 1940, pamene kudatsegulidwa ya Blantyre ndi ya Zomba Catholic.

Apa ndi pamene dzanja ndi mutu zidasudzulana m'maganizo mwathu. Popeza atsamunda ankapereka zamanja ngati maphunziro oyenera munthu wotsika, makolo athu adayamba kuziyesa chitonzo. Popeza kalaliki wovala kolala ankalandira zambiri ndi kulemekezedwa kuposa mmisiri wa ovololo, mwana wanzeru adayenera kuthaŵa chipangizo. Manyazi a bambo wa ku Kande uja adabadwa m'zaka zimenezi. Makolo athu sadalakwe pokana maphunziro opungulidwa. Cholakwa chathu ife n'chakuti tasunga manyaziwo pamene chifukwa chake chidapita.

Mbali ya Eklezia, ndi zaka za ufulu

Ife Akatolika tidafika mochedwa kumpoto, ndipo tiyenera kuvomera modzichepetsa kuti maziko a mbiri imeneyi adaikidwa ndi abale athu a mpingo umene lero ndi CCAP. Mishoni yathu yoyamba kumpoto idatsegulidwa ku Katete mu 1938, ndipo Dayosizi ya Mzuzu idakhazikitsidwa mu 1961. Koma nafenso tidabwera ndi amisiri. Pafupi ndi wansembe aliyense wa White Fathers kaŵirikaŵiri pankakhala Mbale wodziŵa njerwa, matabwa kapena injini, ndipo anyamata ambiri adaphunzira ntchito pomanga naye matchalitchi ndi zipatala. Sukulu za umisiri za ku Namitete ndi ku Mzuzu zidamera pa ntchito ya Eklezia. Abale a Marianist adaphunzitsa pa sekondale ya Nkhata Bay, ndipo a Don Bosco ali ndi sukulu yao ya umisiri ku Lilongwe.

Dziko litalandira ufulu, sukulu ya Polytechnic idatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo kuyambira mu 2021 ndi yunivesite payokha yotchedwa MUBAS. Bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lidayamba mu 1999. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba chaka chomwecho, ya Livingstonia idatsegulidwa mu 2003 pa phiri lomwe lija la Laws, ndipo ya sayansi ndi luso ya ku Thyolo mu 2014. Koma vuto lakale silidathe. M'zaka za m'ma 1970 anthu a ku Chintheche adalonjezedwa fakitale yaikulu yogaya mitengo ya paini ya ku Viphya, kumene kudabzalidwa mahekitala oposa 50,000. Fakitaleyo sidamangidwe. Ana a derali akupitabe ku South Africa monga ankachitira agogo ao, pamene sitima ya Ilala yachiŵiri, imene idalumikizidwa ku Monkey Bay nkuyamba kuyenda mu 1951, yatumikira midzi ngati Usisya zaka zoposa makumi asanu ndi aŵiri chifukwa cha manja a amisiri oikonza.

Zimene ofufuza apeza

Tsopano timve zimene apeza anthu amene ntchito yao ndi kufufuza kaphunziridwe ka luso lotere. M'zaka za m'ma 1970 mai wina wa ku America, Jean Lave, adakhala nthaŵi yaitali pakati pa atelala a mu mzinda wa Monrovia ku Liberia. Adaona kuti wophunzira utelala sayamba ndi kudula nsalu. Amayamba ndi zomalizira: kusita, kusokerera mabatani, kupinda m'mphepete. Potero amagwira chovala chathunthu m'manja nkudziŵa maonekedwe ake. Kenaka amaphunzira kulumikiza zidutswa, ndipo kudula kumabwera pomaliza, pakuti kulakwa podula ndiko kumaononga nsalu. Mu 1991 iye ndi mnzake Etienne Wenger adalemba buku lofotokoza kuti munthu amaphunzira luso poloŵa pang'onopang'ono m'gulu la anthu ochita ntchitoyo, kuyambira kumphepete kunka pakati. Kodi si sukulu ya msodzi ija, yoyamba ndi kukapa madzi m'bwato?

Pa za kompyuta, katswiri wa masamu Seymour Papert, wobadwira ku South Africa, adathandiza kupanga mu 1967 chinenero cha kompyuta chotchedwa Logo kuti ana azilamula makina okha. Chiphunzitso chake chidali chakuti mwana amamvetsa bwino pamene akupanga chinthu chooneka, chikakanika nkufufuza polakwika, nkukonza. Kwa iye kulakwa si tsoka ai, koma khomo la nzeru. Mwana amene amaopa chikoti akalakwa sangaphunzire kulemba malamulo a kompyuta, pakuti ntchitoyo theka lake ndi kusakasaka zolakwa.

Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 225 wa m'mayunivesite, pa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu. Adapeza kuti kumene mphunzitsi ankangolankhula ophunzira nkumalemba, pa ophunzira 100 alionse pafupifupi 34 ankalephera. Kumene ophunzira ankapatsidwa mafunso oti alimbane nao m'kalasi momwemo, kukambirana ndi kuyesa okha, olephera adali pafupifupi 22. Ophunzira ake adali a nzeru zofanana; chidasintha ndi kaphunzitsidwe.

Koma tisaganize kuti kugula makina ndiye kwatha. Dziko la Peru lidagaŵira ana a sukulu makompyuta ang'onoang'ono mazana a zikwi. Kafukufuku wa m'masukulu 319, wofalitsidwa mu 2012, adapeza kuti ngakhale anawo adazoloŵera makinawo, masamu ndi kuŵerenga kwao sizidapite patsogolo. Kuno kwathu zidayenda mosiyana pa sukulu ina ya pulaimale ku Lilongwe mu 2013, kumene a Yunivesite ya Nottingham adayesa timakina tam'manja tokhala ndi maphunziro a masamu m'Chicheŵa. Patatha milungu 8, ana ambiri amene adatigwiritsa ntchito adapambana anzao pa masamu. Kusiyana kwake n'kwakuti kunoko phunziro lidakonzedwa bwino, m'chinenero cha mwana, ndipo mwana aliyense ankagwira yekha, wamkulu ali pafupi.

Ine ndemwe ndidaloŵapo m'chipinda cha makompyuta pa sukulu ina imene sindiitchula. Makina onse adali ofunditsidwa nsalu, aukhondo ngati ziŵiya za pa guwa. Ana ankajambula chithunzi cha kompyuta m'makope ndi kuloŵeza maina a ziwalo zake. Mphunzitsi adandiuza moona mtima kuti amaopa, pakuti makina akaonongeka mlandu udzakhala wake ndipo wokonza ali kutali. Sindidamdzudzule. Koma ndidakumbukira kuti palibe msodzi adaphunzira kupalasa pojambula nkhafi pa mchenga.

Chitsanzo chokondweretsa chili pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Madokotala a kumeneko pamodzi ndi ophunzira uinjiniya a Yunivesite ya Rice ya ku America adapanga makina otsika mtengo othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma, naŵatcha Pumani. Kafukufuku wa mu 2014 adaonetsa kuti pa makanda 100 ovutika kupuma, opulumuka adakwera kuchoka pa 44 kufika pa 71. Pambuyo pake ku Polytechnic kudatsegulidwa chipinda chimene ophunzira athu amapangiramo zipangizo zoyankha mavuto a m'zipatala ndi m'midzi yathu. Apa mpamene dzanja, mutu ndi mtima zakumana: masamu ozama, zala zaluso, ndi mwana weniweni wofuna mpweya.

Tsono ife titani?

Mbiri ndi kafukufuku zikunena chinthu chimodzi. Laws adalondola pofuna kuti mmisiri adziŵe chifukwa chake cha zimene akuchita. Jones adalondola poona kuti maphunziro osabwerera kumudzi amasiya mudzi uli wamasiye. Ndipo agogo athu osema mabwato adalondola asanabwere onse aŵiriŵa, podziŵa kuti luso limaloŵera m'zala, pafupi ndi munthu wolidziŵa. Dzanja lopanda mutu limabala kapolo. Mutu wopanda dzanja umabala munthu wa satifiketi amene amadikira mlendo kudzamkonzera mjigo.

Kwa ife Akhristu nkhaniyi si ya chuma chokha. Buku la Eksodo limasimba za Bezalele, mmisiri amene Mulungu adamdzaza ndi Mzimu wake kuti apange zipangizo za malo opatulika. Paulo Woyera ankasoka mahema. Ambuye athu Yezu adakhala zaka zambiri za moyo wao m'nyumba ya ntchito ya Yosefe Woyera, ndipo anthu a ku Nazarete ankaŵadziŵa ngati mmisiri asanaŵadziŵe ngati mphunzitsi. Mu 1955 Papa Pius XII adaika tsiku la 1 Meyi kukhala chaka cha Yosefe Woyera Mmisiri. Mu 1981 Papa Yohane Paulo II, amene iyenso adagwirapo ntchito yoswa miyala ali mnyamata, adalemba kalata yophunzitsa kuti ulemu wa ntchito suchokera pa mtundu wa ntchitoyo, koma pa munthu woigwira. Banja lachikhristu limene limachita manyazi ndi mwana wa ovololo liyambe layang'ana bwino chithunzi cha Banja Loyera chimene lapachika pakhoma.

Inu makolo, mwana akamamasula wailesi yakufa kapena kupanga galimoto lamawaya, musamuyese woononga. Mpatseni malo, ndipo mumfunse kuti afotokoze zimene wapeza. Koma musamlolenso kutaya masamu ndi kuŵerenga poti iye ndi wazamanja, pakuti kumeneko ndiko kubwerera ku msampha wa atsamunda. Ana aakazi tisaŵasiye m'mbuyo. Waya wa magetsi safunsa ngati dzanja ndi la mnyamata kapena la mtsikana. Inu aphunzitsi, vundukulani makina, ngakhale akhale amodzi pa ana khumi, ndipo lolani ana alakwe pamaso panu. Inu a m'makomiti a sukulu, ikani padera kandalama kokonzera, kuti mphunzitsi asaope. Ndipo ife a m'maparishi ndi m'miphakati, tikafuna kuika magetsi a dzuŵa pa tchalitchi, kukonza injini ya boti kapena kulemba kaundula wa ubatizo pa kompyuta, tiyambe tafunsa ngati palibe mwana wa konkuno wodziŵa ntchitoyo, timlipire moyenera, ndi kumpempha kuti atenge wamng'ono mmodzi aziphunzira pambali pake. Fakitale sitingaimange tokha, koma ntchito zazing'ono zimenezi zili m'manja mwathu, ndipo ndizo zimasunga mwana pakhomo.

Bambo wa ku Kande uja ndidakumana nayenso patapita miyezi. Mwana wake adapita ku sukulu ya umisiri. Pa tchuthi adabwera nakonza nyali zimene bambo wake amaŵedzera usipa usiku, nafotokoza chifukwa chake batire linkatha msanga. Mkuluyo adandiuza kuti adamvetsera zonse, ngakhale zina sadazimvetse. Kenaka adamtenga mwanayo kupita naye kunkhalango kukamuonetsa m'mene amasankhira mtengo wa bwato, pakuti adaona kuti zimenezo kusukulu sadamphunzitse.